Miphika Imene Bambo Anakwirira

Bambo, madzulo ano ndathira madzi otsukira mbale mumphika umodzi umene unatsala, uja wa pansi pa mtengo wa chammwamba umene makasu a anansi athu sanauone. Ndachita mmene munkachitira inu: kusefa kaye ndi kansanza, kuthira pang'onopang'ono, kenako kuvundikira ndi mwala. Mphika walira gubudu gubudu, ine n'kukhala pansi pomwepo mtima ukutentha ngati mbaula. Ndikulembera inu chifukwa amoyo ndatopa nawo. Sukulu ndinalekera panjira, mukudziwa, koma zimene ndaonazi sizifuna satifiketi.

Mvula itayamba kuvuta zaka zitatu zapitazo, mipopi ikungotulutsa mphepo, inu simunakhale pakhonde n'kumadandaula ngati anzanu. Munabzala khonje, alovera ndi chammwamba, ndipo kumalire akuseri munasiya mpanda wa nkhadze kuti ukule. Dothi lonse munalifunditsa miyala ndi udzu wouma. Kenako munakwirira miphika yadothi isanu ndi iwiri mpaka m'khosi. Munkati mphika umatuluka thukuta pansi pa nthaka, mizu n'kumamwa, dzuwa osabako kanthu. Chidebe chimodzi cha madzi akuda chinkakwana sabata yonse.

Simunabise. Aliyense wodutsa munkamuitana kuti adzaone. A Telala oyandikana nafe anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Achimwene, mwayamba kuphikira nyerere?"

"Nyerere nazonso ndi anansi," munayankha choncho.

Mayi a Makala, aja amagulitsa makala pamphambano, anabwera kawiri kudzathyola alovera mwana wawo atapsa. Lero akuti sanapondepo pakhomo pano.

Kuseri kwa nkhadze kumakhala kalaliki wopuma pantchito uja, amene tonse timamutchula kuti a Kapinga, chifukwa cha udzu wapabwalo pake umene ankauthirira ndi paipi m'mawa ndi madzulo, n'kumaumeta ndi sizasi atagwada. Madzi atasowa, kapingayo anauma n'kusanduka ngati msana wa galu wa mphere. Tsiku lina anakuitanani pampanda.

"Akulu, mpanda wanuwu ukundiyamwira madzi."

"Madzi ake ati, bwana? Nkhadze imamera ngakhale pamwala."

"Nanga kwanuko kukubiriwira bwanji?"

"Lowani ndikuonetseni mphika. Ndikupatsaninso umodzi."

"Ine sindibzala miphika."

M'mawa mwake munatenga chikwanje n'kusadza mpandawo mbali yake kuti asakwiye. Utomoni wa nkhadze unakugwerani m'diso, masiku awiri osaona. Iye ngakhale pepani sananene.

Fungo linayamba mwezi wotsatira. Dzuwa lili paliwombo, malata akuthetheka, mwadzidzidzi mphuno zonse zinamva fungo la mvula yoyamba ikagwa pafumbi. Anthu anatuluka m'nyumba akuyang'ana kumwamba, koma kunali mbee, wopanda ndi kamtambo komwe. Kenako tinamva phokoso la madzi akuwazidwa, waaa, chapafupi ndithu, koma osadziwika kumene likuchokera. Agalu analowa pansi pa magalimoto akufa n'kukhala chete.

Tsiku lomwelo mkazi wa a Telala, ali pakhonde kusokerera mabatani, anapempha madzi. Anamwa kapu, n'kupemphanso. Anamaliza chidebe, milomo ikung'ambikabe. Patapita masiku awiri anamwalira, ndipo amene anamunyamula anati anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Mwezi usanathe fungo lija linabweranso, nthawi yomweyo ya masana. Ulendo uno anali mwamuna wa Mayi a Makala, chimunthu chonyamula matumba atatu panjinga. Anafa akunyambita pansi pa ndowa.

Pamzere wa pamjigo ndi pamene mawu anabadwira. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu anga. A Kapinga, atavala jekete ngati akupita ku ofesi, anati:

"Ine sindikutchula munthu. Koma mudzifunse kuti miphika ina ija imamwa chiyani."

"Akuti madzi otsukira mbale," anatero mayi wina.

"Mbale zingati, mayi? Anthu awiri okha pakhomo paja?"

Mzere wonse unatembenuka kuyang'ana ine.

Loweruka anansi anabwera ndi makasu. A Telala patsogolo, maso ali psuu. Mayi a Makala atanyamula nkhwangwa ya malemu amuna awo. Mng'ono wanu, bambo aang'ono, amene munawaphunzitsa ntchito yomanga ndi manja anu, anaima pachipata manja ali m'thumba ngati akuonera mpira. Anafukula miphika isanu ndi umodzi n'kuiphwanya. Anapezamo madzi a sopo, timizu toyera, ndi chule mmodzi amene anabisala kuthawa dzuwa.

"Si uyu," anatero a Telala. "Si uyu wadya mkazi wanga."

Anamusinja chuleyo ndi mwala. Anadula khonje, anapondaponda alovera, kenako anatembenukira kumpanda wa nkhadze. Pamenepo munthu mmodzi yekha anakweza mawu, a Kapinga.

"Mpandawo usiyeni. Mpanda ulibe mlandu."

Palibe anawamva. Ine ndinadabwa pang'ono, poti mpanda womwewo ndi umene ankaudandaula, koma mutu wanga unali pa inu. Munali mutagwada mukutola mapale. Ndinatola khasu kuti nditeme munthu, inu n'kundigwira mwendo.

"Siya, mwana wanga. Awa ali ndi maliro mumtima. Tidzabzalanso."

Lachiwiri masana fungo linabwera. Ndinali kuntchito kocheka matabwa, ndipo nditangolimva ndinataya sowo n'kuthamanga. Ndinakupezani pakhomo la khitchini mutagwira kapu yopanda kanthu.

"Pali madzi ena?"

"Alipo, bambo. Imwani."

"Ndikumva ngati wina akundifinya, ngati nsanza yokolopera."

Ndinapempha madzi khomo ndi khomo, zitseko zikutsekedwa ndisanafike. Kuchipatala anakuikani madiripi anayi, adokotala akupukusa mutu kuti sakudziwa kumene madziwo akupita. Lachinayi munatisiya, milomo itang'ambika chimodzimodzi ndi anthu awiri aja. Munthu wanzeru akanati, ngati nayenso wafa choncho ndiye kuti tinamunamizira. Koma iwo anati miphika yake yamubwerera.

Kumanda tinalipo ine ndi anzanga anayi a kumatabwa. Mwa anansi onse anabwera mmodzi, a Kapinga, atavala jekete lija. Anandipatsa moni wa m'manja. Dzanja lawo linali lozizira ndi lonyowa ngati la munthu wochokera kochapa.

Nditabwerera kunyumba ndinapita kuseri kuti ndikalire pandekha. Pamene panali nkhadze tsopano ndi pambalambanda, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuseri kwa nyumba ya a Kapinga, pakati pa bafa ndi khoma, pamene sipaoneka munthu akakhala kumsewu. Bwalo lonse ndi louma. Koma pamenepo pali timinda titatu ta kapinga wobiriwira, togundizana, kalikonse kukula kwake ngati munthu atagona chagada. Koyamba n'kowonda. Kachiwiri n'kotambalala m'mapewa. Kachitatu udzu wake ndi wanthete, wongophuka kumene, ndipo chakumiyendo n'kokhota pang'ono kumanzere, mmene unakhotera mwendo wanu uja munathyoka mutagwa pakatawala pomanga nyumba. Mame ali mbuu, masana, dzuwa likuswa mtengo.

Mwini wake anali atagwada pa kachitatuko ndi sizasi, jekete lakumanda asanavule. Anadzutsa mutu n'kumwetulira.

"Pepani ndi maliro, mwana wanga. Mwaona? Udzu umangofuna chisamaliro."

Pambali pake pali zikhomo zinayi zokhomedwa pansi, chingwe chitazungulira, dothi atalipalasa bwinobwino. Kamunda kachinayi, kodikira madzi.

Poyamba ndinaganiza kuti kamundako n'kanga. Koma ine ntchito yanga ndi yoyeza matabwa, diso langa silinama. Ndinayang'ana chingwecho kawiri. Ine ndinatengera inu msinkhu, pamenepo sindingakwanepo ngakhale nditapinda mawondo. Kamundako n'ka munthu wamfupi.

Ndikudziwa zimene mukananena. Mukanati pita ukawauze, mnansi ndi mnansi. Ndinayesa, bambo, kuti musadzandidzudzule. Dzulo ndinaima pachipata cha a Telala.

"Bambo, tabwerani mudzaone chinthu kuseri kwathu."

"Mwakwiriranso china?"

"Si kwathu. Ndi kwa a Kapinga."

"Iwe mwana wa mfiti, usamatchule anthu aulemu. Mwezi uno ukamatha usamuke, apo ayi tidzakufukula ngati mphika."

Analavula pansi n'kutseka chipata. Sindidzalankhula nawonso. Pakhomo pano sindisamuka. Ndatola ana a khonje amene anapulumuka, ndawabzala mozungulira mphika wotsalawu, ndipo dzina lanu lidzayera tsiku limene adzafunse okha kuti madzi a anthu awo anapita kuti. Lero masana fungo lija labweranso. Ndinakhala pakhonde n'kumamvetsera, waaa, kuseri kwa nyumba, ndipo sindinadzuke.

Tsopano ndikuuzeni amene sanabwere kudzakuikani, kuti muwadziwe. A Telala, amene munawakonzera denga ulere chaka chija mphepo inasasula. Mayi a Makala, amene mwana wawo ali ndi khungu losalala chifukwa cha alovera wanu. Wometa wa pakona, amene ankakutchulani kuti bambo anga akafuna kubwereka makwerero. Mlongo wanu, amene anatumiza uthenga woti mutu ukumupweteka. Ndi mng'ono wanu, bere limodzi ndi inu, amene pa ola limene tinkakukwirirani anthu anamuona akumetetsa ndevu.

Ndawayeza onsewa ndi diso, bambo, mmodzimmodzi. Palibe wamtali.