Tomato Wachisanu wa Hanan

Hanan amakhala ku Chirimba ndi bambo ake, a Habibu. Hanan ankafuna kupita yekha kumsika.

Loweruka m'mawa, bambo ake anamupatsa jumbo ndi ndalama.

"Ukagule mulu umodzi wa tomato," anatero. "Kwa a Jailosi."

"Bwanji kwa a Jailosi, Ababa?"

"Amalima okha."

A Jailosi ali ndi dimba ku Machinjiri. Amabwera pa njinga, dengu lili kumbuyo. Amayala thumba pansi. Amaunjika tomato anayianayi.

Hanan anawapeza. Anawapatsa moni. Anasankha mulu wofiira kwambiri. A Jailosi anathira tomato m'jumbo.

Panjira, Hanan anasuzumira m'jumbo. Anawerenga.

"Mmodzi, awiri, atatu, anayi... asanu!"

Anawerenganso. Asanu. Anagwedeza jumbo. Asanube.

Mutu wa Hanan unaima. Mulu unali wa anayi. Nanga uyu walowa bwanji? Kodi wagubuduka yekha? Kodi wamutola osadziwa?

"A Jailosi aziti ndine wakuba," anatero Hanan.

Anabwerera mothamanga.

A Jailosi anali akuwaza madzi pa mpiru. Hanan ananyang'ama. Anaika tomato uja pathumba, mwakachetechete.

A Jailosi anacheuka.

"Iwe mwana, tomato wanga wakulakwira chiyani? Ndi wowola?"

Anamutembenuza uku. Anamutembenuza uko. Anamununkhiza.

"Kapena wachepa?"

Anatenga wina wamkulu. Anamuponya m'jumbo.

Hanan anasuzumira. Asanu!

Anatulutsa tomato wamkuluyo. Anamuika pathumba.

A Jailosi anakanda m'mutu. Anatenga winanso. Anamuponya m'jumbo.

Hanan anatulutsa. A Jailosi anabwezera. Hanan anatulutsa. A Jailosi anabwezera.

Mayi wogulitsa nthochi pafupi anaseka mpaka kugwira nthiti.

"A Jailosi, lero mwapezana! Mugona pompano!"

Hanan sanaseke. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Ine sindine wakuba," anatero. "Ndagula anayi basi."

A Jailosi anamuyang'ana. Kenako ananjuta pansi, nkhope yawo pafupi ndi ya Hanan.

"Ooh! Ndiye nkhani yake ndi imeneyi? Mwanawe, ameneyu ndi basela."

"Basela ndi chiyani?"

"Ndi woonjezera. Salipiridwa. Ndimati zikomo chifukwa wagula kwa ine."

"Ndiye simunalakwitse?"

"Ayi."

"Ndipo ine sindinabe?"

"Ayi! Ndinadzala ndekha. Ndinathirira ndekha. Ndakupatsa ndekha."

Hanan anapukuta misozi. Anawerenga komaliza. Asanu. Ulendo uno anamanga jumbo.

"Zikomo, a Jailosi."

"Pita bwino, kasitomala wanga."

Kunyumba, bambo ake anali ataima pageti.

"Wachedwa," anatero.

Hanan anafotokoza zonse. Kutulutsa, kubwezera. Kutulutsa, kubwezera. A Habibu samaseka kawirikawiri. Tsiku limenelo mapewa awo anagwedezeka.

Tomato anayi analowa mumphika wa nyemba. Wachisanu anatsala m'mbale.

"Uyu ndi wako," anatero bambo ake.

Hanan anamutsuka. Bambo ake anamudula pakati. Anawaza timchere.

Hanan anatenga mbali imodzi. Ina anakankhira kwa bambo ake.

Anakhala pakhonde, awiriwo. Anadya pang'onopang'ono. Madzi a tomato anayenderera mpaka m'zigongono.