Fainala ndi Matumba Awiri Ofanana

Fainala anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kwawo kunali kwa Kaluluma, m'mphepete mwa dambo. Ankakhala ndi adada, amama ndi mlongo wake Wyson. Wyson anali wamng'ono. Chilichonse ankafuna kulawa.

Fainala ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kumvetsa zochita za akuluakulu. Koma akuluakulu ankachita zodabwitsa.

Inali nthawi ya dzinja. Mvula inagwa Lolemba. Inagwa Lachiwiri. Inagwanso Lachitatu. Chimanga chinamwa madzi mpaka kukhuta. Fodya anamwa madzi mpaka kukhuta. Achule ankaimba ndi masana omwe.

Lachinayi amama anapita kutchalitchi, kumsonkhano wa amayi. Anabwerako atanyowa.

"Akuti kukubwera mvula yoposa iyi," amama anatero. "Dambo likhoza kusefukira. Madzi akafika pakhomo, tidzathawira kutchalitchi. Tchalitchi chili pamtunda. Tiyeni tikonzekeretu."

Amama anatsuka chigubu chachikasu. Anakatunga madzi kumjigo. Anathiramo mankhwala oteteza madzi. Anatseka chigubu kuti ndii.

"Madzi awa asamwe munthu," amama anatero. "Ndi osunga."

Fainala anayang'ana panja.

"Amama, madzi ali padenga. Madzi ali pabwalo. Madzi ali m'njira. Nanga tikusungiranji madzi?"

"Mwanawe, tsiku la madzi ambiri ndilo tsiku la ludzu."

Fainala anakanda m'mutu. Sanamvetse.

Kenako amama anatenga thumba loyera. Kale linali la fetereza. Amama analichapa katatu ndi sopo nthawi yadzuwa. Tsopano linali loyera mbee.

Anathiramo ufa mpaka pakati. Anaikamo kajumbo ka nyemba. Anaikamo machesi. Anamanga kukamwa kwake ndi luzi.

"Tidya lero?" Fainala anafunsa.

"Ayi."

"Mawa?"

"Ayi."

"Nanga liti?"

"Tsiku lothawa madzi. Koma tizipemphera kuti tsikulo lisafike."

Fainala anakandanso m'mutu. Kusunga chakudya, n'kumapemphera kuti usachidye? Sanamvetse.

Amama anaika thumba la ufa pathabwa, pakona ya nyumba. Pathabwapo panali kale thumba lina. Limeneli linali la adada. Munali fetereza wa makuponi.

Chaka chimenecho fetereza anafika mochedwa. Adada anaima pamzere masiku awiri kuti amupeze. Theka anathira kumunda. Theka lina linkadikira kuti mvula ipume. Adada ankalikonda thumba limeneli. M'mawa uliwonse ankalisisita ngati mwana wa ng'ombe.

Matumba awiri anaima pamodzi. Ili linali loyera. Ilo linali loyera. Ili linali ndi zilembo. Ilo linali ndi zilembo zomwezo. Ili linali theka. Ilo linali theka. Onse anali omanga ndi luzi.

"Ndaiwala mchere!" amama anatero. "Fainala, kaike kajumbo aka m'thumba la ufa."

Fainala anapita pakona. Anayang'ana ili. Anayang'ana ilo. Anamasula limodzi.

M'katimo munali timibulu toyera, tonyezimira.

"Shuga!" Wyson anafuula. Anatambasula dzanja.

Amama anathamanga. Anamugwira dzanja lisanafike kukamwa.

"Iwe Wyson! Si shuga ameneyo! N'chakudya cha chimanga, osati cha anthu. Ukadya, udwala."

Anamusambitsa m'manja ndi sopo. Anasambitsanso Fainala.

Adada analowa akukutumula chipewa chawo.

"Adada," Fainala anatero, "matumbawa akundisokoneza. La ufa ndi liti? La fetereza ndi liti?"

Adada anaseka. "N'zosavuta, mwana wanga. Lakumanja ndi langa. Lakumanzere ndi la amako. Ine sindingasokoneze. Ngakhale nditatsinzina, sindingasokoneze."

Fainala anayang'ana manja ake. Lamanja ndi ili. Anatembenuka. Tsopano lamanja linali mbali ina! Mutu wake unazungulira.

Fainala anapita kuchigafa, kumene ankayanika fodya. Iye ankadziwa kusoka masamba a fodya. Anatenga singano yaikulu ndi ulusi. Anapempha amama kansalu ka mpango wakale. Kansaluko kanali kofiira psuu.

Anagwada pakona. Anamasula thumba lakumanzere kuti aone bwino. Unali ufa. Anaikamo mchere, n'kumanganso. Kenako anasokerera kansalu kofiira pakhosi pa thumbalo. Anasoka kamodzi. Anasoka kawiri. Anasoka katatu. Anakoka. Kansalu sikanachoke.

"Taonani, amake Fainala!" adada anatero. "Thumba lanu lavala mpango. Kodi nalo likupita kumsonkhano wa amayi?"

Amama anaseka. Wyson anaseka. Fainala anachita manyazi.

Lachisanu denga linayamba kudontha. Linkadontha pakona pomwepo. Do, do, do! Adada anali kumunda. Amama ananyamula matumba aja msangamsanga. Anasuntha thabwa. Anaika matumba pakona ina, pouma.

Loweruka m'mawa Fainala anadzuka. Kunja kunkamveka mkokomo. Anasuzumira pakhomo.

Dambo linali litafika pabwalo! Madzi anali ofiira ngati dothi. Nsapato ya Wyson inkayandama.

"Tiyeni!" adada anafuula. "Msanga!"

Amama anabereka Wyson. Anasenza mtolo wa zofunda ndi poto. Adada anamangirira chigubu panjinga. Anathamangira pakona. Ananyamula thumba lakumanzere. Analimangirira pakaliyala.

Amama anapemphera mawu ochepa pakhomo. "Ambuye, titsogolereni." Onse anati, "Ameni." Ananyamuka.

Adada ankakankha njinga patsogolo. Fainala ankayenda pambuyo pa njinga. Ankayang'ana thumba.

Anayang'ana pakhosi pake. Kansalu kofiira panalibe.

Anayang'ana mbali iyi. Panalibe. Anayang'ana mbali iyo. Panalibe.

Kodi kagwa? Koma anasoka katatu. Kodi kali pansi pa thumba? Koma khosi lili pamwamba. Kodi adada angasokoneze? Koma adada anati sangasokoneze.

Fainala anasokonezeka kwambiri. Anafuna kulankhula. Anaopa. Nkhope ya adada inali yolimba. Mvula inkawamenya kumaso.

Anafika pakamlatho ka mitengo. Kutsidya kunali njira yokwera kutchalitchi. Madzi anali pafupi kukhudza mitengo ya kamlathoko. Akawoloka, kubwerera kudzavuta. Ngati thumbali si la ufa, adzadya chiyani? Wyson adzadya chiyani?

Fainala anapemphera chamumtima. "Yesu, ndipatseni mawu."

"Adada," anaitana.

Adada sanamve.

"Adada! Kansalu kofiira palibe!"

"Fainala, ino si nthawi ya tinsalu. Ndatenga lakumanzere. Ndi la ufa."

Amama anaima. Anagwira pakamwa.

"Ii! Bambo a Fainala! Dzulo ndinasuntha matumba aja!"

"Munasuntha? Lakumanja munaika kuti?"

"Kumanzere. Ayi, kumanja. Ayi... ndinayamba ndi liti kodi?"

"Kumanzere kwa ndani? Kwanu kapena kwanga?"

"Sindikukumbuka!"

Adada anakanda m'mutu. Amama anakanda m'mutu. Fainala anadabwa. Akuluakulu nawonso amakanda m'mutu!

"Tamasulani tione, adada," Fainala anatero.

Adada anamasula luzi. Onse anasuzumira.

M'katimo munali timibulu toyera, tonyezimira.

Wyson anasuzumira ali kumbuyo kwa amama. Anapukusa mutu.

"Si shuga," anatero.

Adada anamanganso luzi. Anayang'ana madzi. Anayang'ana njira yakunyumba. Kumeneko madzi anali akadali m'mapazi.

"Wolokani, mukandidikire kutsidya," anatero. Anatsitsa chigubu n'kuchiwolotsa. Anagwira Fainala dzanja n'kumuwolotsa. Kenako anatembenuza njinga.

"Adada!" Fainala anafuula. "La kansalu kofiira!"

"Ndamva, mayi wanga! La kansalu kofiira!"

Amama, Fainala ndi Wyson anaima pansi pa mtengo wa mango. Anadikira.

Madzi anakwera. Anakhudza mtengo woyamba wa kamlatho. Adada sanaoneke.

Madzi anakweranso. Anakhudza mtengo wachiwiri. Adada sanaoneke.

Amama anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Fainala anagwira chitenje chawo. Nayenso anaimba.

"Uko!" Wyson analoza.

Patali panaoneka kanthu kofiira. Kankakupiza ndi mphepo. Kanayandikira. Kanayandikira. Anali adada ndi njinga!

Adada anawoloka pang'onopang'ono. Phazi limodzi. Phazi lina. Anafika kutsidya.

Atakwera mtunda, anacheuka. Kamlatho kanali katamira.

"Mulungu ndi wabwino," amama anatero. Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Kutchalitchi anapeza mabanja ena. Ena anabwera ndi zigubu. Ena anabwera ndi ufa. Ena anathawa chimanjamanja.

Masana mvula inaleka. Dzuwa linatuluka, ndipo linatentha. Fainala anaima pakhomo la tchalitchi. Anayang'ana kumunsi. Madzi anali ponseponse. Koma onse anali amatope. Mjigo unali utamira. Chogwirira chake chokha n'chimene chinkaoneka.

Pakona panakhala a Angelina, mayi wa kutsidya kwa dambo. Ana awo awiri ankalira.

"Madzi, amama! Tikufuna madzi!"

A Angelina analibe chigubu. Madzi anawadzidzimutsa ali kumunda.

Amama anatsegula chigubu chachikasu. Anathira madzi m'kapu. Anali oyera bwino.

"Fainala, kawapatse anzako."

Fainala ananyamula kapu ndi manja awiri. Anawo anamwa. Anamwa. Analeka kulira.

"Yewo chomene, mwana wane," a Angelina anathokoza m'Chitumbuka.

Fainala anayang'ana madzi amatope panja. Anayang'ana kapu m'manja mwake. Anathamangira kwa amama.

"Amama, ndamvetsa! Tsiku la madzi ambiri ndilo tsiku la ludzu!"

"Eya, mwanawe. Tsopano masula thumba lako."

Fainala anamasula thumba la kansalu kofiira. Ufa unalimo. Nyemba zinalimo. Mchere unalimo. Machesi anali ouma.

Amayi anasonkhanitsa zonse zimene mabanja anabweretsa. Anagawa za lero, za mawa ndi za mkuja. Anaphika phala kuseri kwa tchalitchi. Ana anayamba kulandira. Wyson ananyambita mbale yake mpaka kuyera.

Akuluakulu asanadye, adada anaimirira kuti apemphere.

"Atate, zikomo chifukwa cha madzi ndi ufa. Zikomo chifukwa mumapatsa maso ngakhale ana aang'ono. Pakanapanda mwanayu, bwenzi lero tikuphika fetereza."

Anthu anati, "Ameni." Ena anaseka asanatsegule maso.

Anakhala kutchalitchi masiku atatu. Chakudya chinakwana. Madzi anakwana. Tsiku lachitatu dambo linabwerera kwawo. Anthu nawonso anabwerera kwawo.

Nyumba inali chilili. Pansi panali matope. Adada anathamangira kuchigafa. Tsiku lija anapachika thumba lawo pamwamba, pafupi ndi fodya. Analitsitsa. Fetereza anali wouma. Adada analisisita ngati mwana wa ng'ombe.

Amama anachapa chigubu. Anadikira kuti mjigo utsukidwe, n'kuchidzazanso. Anathiranso ufa m'thumba la kansalu kofiira.

"Zosunga," amama anatero.

"Ndipo tizipemphera kuti tisazidye," Fainala anatero.

Adada anabwera ndi singano ya fodya. Anabweranso ndi kansalu kobiriwira. Anadula kumalaya awo akale. Anagwada pafupi ndi Fainala.

"Mayi wanga, nalonso langali likufuna mpango."

"Koma adada, inu simusokoneza. Ngakhale mutatsinzina."

Amama anaseka mpaka kugwira m'mimba. Adada anaphimba nkhope ndi chipewa.

"Soka, iwe! Usandinyoze pamaso pa amako."

Fainala anasoka kamodzi. Anasoka kawiri. Anasoka katatu. Anakoka. Kansalu sikanachoke.

"Tsopano ndikufunseni, adada," anatero. "Lofiira ndi la ndani?"

"La anthu."

"Lobiriwira?"

"La chimanga."

"Mwakhoza!"

Wyson anayang'ana thumba lofiira. Anayang'ana thumba lobiriwira. Anakanda m'mutu.

"Nanga la shuga lili kuti?"