Mphindi Khumi ndi Zisanu za Udzudzu

Ophunzira a pa koleji ija ankawatcha a Mabotolo, chifukwa kwa zaka makumi awiri ntchito yawo inali yotsuka mabotolo ndi kukonza zipangizo mu labu ya sayansi ya zamoyo. Iwo sankadandaula nalo dzinalo. Ankati bola limeneli, mphunzitsi wina wa masamu anapatsidwa loti Ziro.

Madzulo a Lachinayi lina, akukolopa sinki yomaliza, analowa a Pulofesa, mayi amene ankayang'anira dipatimentiyo. Anaima pakhomo, n'kuyamba za mvula, kenaka za magetsi. Pomaliza ananena chomwe anadzera: kachipinda ka udzudzu kakufunika Lolemba, ndiye mawa makola onse atatu alowe mufiliza, udzudzuwo ufe.

"Ndamva, mayi," anatero a Mabotolo, osadzutsa mutu.

Udzudzuwo unali wa mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo. Anali m'chaka chomaliza pa dipatimenti yomweyo, ndipo ankauweta pa kafukufuku wake. Masabata atatu m'mbuyomo, galimoto imene anakwera pochokera kokatola mphutsi m'zithaphwi inagubuduzika. Ena onse anatuluka ndi mabala chabe.

Chichitikire maliro, a Mabotolo ankaika thonje la madzi a shuga pamwamba pa makolawo tsiku ndi tsiku. Koma udzudzu waukazi suikira mazira popanda magazi. Mwanayo ankaupatsa mkono wake womwe, Lachinayi lililonse, magetsi atazima, bambo ake akumuwerengera mphindi khumi ndi zisanu. Tsopano unkangoyoyoka, m'mawa uliwonse wina uli gada pansi pa khola.

Lachinayi limenelo a Mabotolo sanapite kwawo. Anakhoma labu ali m'kati, n'kulowa m'kachipinda kaja. Munali fungo la madzi okhalitsa ndi kafundidwe konyowa. Anakhala pa katebulo ka pakona, nkhope kukhoma, monga ankachitira kale, n'kuzimitsa getsi. Kumbuyo kwawo udzudzu unkalira mopanda mphamvu.

Sakudziwa kuti anakhala nthawi yotalika bwanji. Mlonda anadutsa panja kawiri, akutsokomola.

Kenaka anamva mapazi m'khonde. Ndi wina wovala mapatapata, wokoka pang'ono phazi limodzi. Mayendedwe amenewo anawadziwa kuyambira tsiku limene mwini wake anasiya kukwawa.

Chitseko cha labu sichinalire. Koma nsalu yotchinga pakhomo la kachipindako inagwedezeka, kamphepo kozizira n'kuwakhudza m'khosi. Mpando wa patsogolo pa khola loyamba unakokedwa. Neti yophimba kholalo inachita phokoso laling'ono, ngati wina wagonekapo chinthu cholemera.

Udzudzu wonse unangoti zii.

"Ababa, mundiwerengere nthawi."

Pa koleji mwanayo sankawaitana choncho. Iwo omwe ndi amene anamuletsa, poti anzake angamanene kuti mayeso amamuonetsa ndi bambo ake. Zaka zinayi zonse ankawapatsa moni ngati wantchito aliyense.

Kucheuka anafuna, koma mtima unawauza kuti akangotembenuka apeza mpando wokha. Anakweza dzanja, n'kuyang'ana manambala obiriwira a wotchi yawo.

"Yamba, mama."

Mphindi zinayamba kuyenda. Anamumva akukoka mpweya m'mano, monga ankachitira udzudzu ukamuluma wambiri nthawi imodzi. Anamumva akugogoda mwendo wa tebulo ndi chala cha kuphazi. A Mabotolo anali ndi zambiri zoti anene. Zoti chovala chake choyera cha mu labu chikadali pa msomali. Zoti amayi ake amayalabe bedi lake. Zoti tsiku lija iwo ndi amene anamudzutsa m'mamawa kuti galimoto isamusiye. Koma anangopitiriza kuwerenga mphindi.

Zinakwana khumi. Zinakwana khumi ndi zisanu. Iwo duu.

"Sizinakwane?"

"Kwatsala pang'ono."

M'moyo wawo wonse anali asanamunamizepo mwanayo. Zinafika makumi awiri. Misozi inkagwera pa galasi la wotchi, iwo n'kumapukuta ndi chala. Zinafika makumi atatu.

"Ababa, mkono wandipweteka."

Ananena motsitsa, mosadandaula, ngati kale ali wamng'ono akamapempha kuti amunyamule pa njira yaitali. Apa a Mabotolo analephera kupirira.

"Zakwana, mwana wanga. Chotsa."

Neti inachitanso kaphokoso kaja. Mpando unabwezedwa m'malo mwake bwinobwino. Mapatapata aja anayenda m'khonde, kumka nazilala, mpaka kutha.

A Pulofesa anawapeza m'mawa, atatsegula ndi kiyi wawo. A Mabotolo anali khale pomwepo, akuyang'anabe khoma. M'khola loyamba udzudzu unali utatera pa neti, mimba zili tothololo, zofiira. A Pulofesa anawapinda manja a malaya, n'kuyang'ana mikono yonse iwiri. Panalibe ngakhale kachitupa kamodzi. Anayang'ananso kholalo nthawi yaitali, kenaka anawauza kuti apite akagone. Za filiza sanatchulenso.

Pofika masana nkhani inali ponseponse. Ophunzira ena ankati bamboyo anaupatsa mwendo, chisoni chawasokoneza mutu. Mlonda ankalumbira kuti anamva mawu a anthu awiri, ndipo anakana kudutsanso khonde limenelo yekha.

Kunyumba a Mabotolo anawapeza akazi awo ali pa khonde, manja pa miyendo. Anawafotokozera zonse, osabisa ngakhale bodza lija. Mayiwo anamvetsera mpaka pamapeto. Kenaka anafunsa ngati mwanayo waonda, ngati tsitsi lake linali lomangidwa.

"Sindinacheuke," anayankha a Mabotolo.

Mayiwo anayang'ana ku msewu.

"Lachinayi likubwerali munditenge," anatero. "Ine ndikacheuka."