Dzina la Pamwamba pa Bolodi

Lolemba nthawi ya 06:40, Inisipekitala Ketilina Shawa anafika pa fakitale yopuntha thonje ya Kapalasa, pa msewu wochoka ku Chipata kupita ku Mwami. Mtembo unali chafufumimba pansi pa makwerero achitsulo okwerera ku lamba wamkulu wonyamula thonje. Anali Lovemore Daka, wa zaka 34, kapitawo wa amakanika asanu ndi mmodzi.

"Wagwa ameneyu, bwana," anatero mlonda. "Makwererowa ndi aatali."

Shawa anagwada. Pa zaka 23 za upolisi anali ataona ogwa ambiri, ndipo onse ankathyoka dzanja kapena mwendo. Uyu anali ndi bala limodzi kunkhongo basi. Chipewa chake cholimba chinali chokolekedwa bwinobwino pa msomali. M'thumba la malaya munali kachibuma ka dothi louma, kobooka pakati. Shawa anakaika m'kapepala.

"Dzulo analowa ndani pageti?"

Mlonda anayang'ana nsapato zake. "Ndinachokapo, bwana. Ndinakaonera mpira pa shopu kuyambira 13 mpaka 17."

Nthawi ya 09:15 dokotala anaimba foni. Lovemore anamwalira Lamlungu pakati pa 14 ndi 16, atamenyedwa ndi chitsulo cholemera.

Manijala wa fakitale, Mayi Edita Soko, anamutengera Shawa ku chipinda cha amakanika. Pakhoma panali bolodi loyera, la mayina asanu ndi limodzi ndi manambala.

"Tinayamba mu Meyi," anatero Mayi Soko. "Kale makina akaima, aliyense ankaloza mnzake. Ndiye ine ndi malemu tinaika matageti, zolinga zoti azikwaniritsa. Lamba asaime kupitirira maola awiri pa sabata. Chowonongeka chikonzedwe zisanathe mphindi 45. Ndipo aliyense ali ndi mabering'i ake, tizitsulo tozungulirapo makina, oti azithira girizi sabata iliyonse, n'kusaina pa khadi. Lachisanu timawerenga zotsatira pamaso pa onse."

Shawa anawerenga dzina la pamwamba. Fulansisi Miti, mabering'i 40 pa 40, masabata khumi ndi anayi otsatizana.

"A Miti ndi mdala wathu, agwira pano zaka 31. Malemuyu anaphunzira sipanala m'manja mwawo. Mwezi watha tinawapatsa satifiketi, mpaka abambo mfumu anawatchula ku tchalitchi."

"Nanga wa pansiyu?"

"Mandla Jere." Mayi Soko anazengereza. "Lachisanu anakangana ndi malemu. Anati tsiku lina bolodili lidzagwera munthu."

Nthawi ya 11:30 Mandla anali m'chipinda chofunsira mafunso ku polisi ya Chipata.

"Munamuopseza kapitawo wanu?" anafunsa Shawa.

"Ndinayankhula zoipa, sindikana. Koma amayi, dzina lanu lizilembedwa ndi inki yofiira sabata ndi sabata, anzanu akuseka. Ine andipatsa makina opanira mabelo, akale kuposa ine. Amafa tsiku lililonse. Nambala yanga ingafanane bwanji ndi ya munthu wa makina atsopano?"

"Dzulo masana munali kuti?"

"Ku chipatala cha Tamanda. Mkazi wanga wachira mwana wamkazi." Anapukuta kumaso. "Ndinkafuna lero ndimupepese Lovemore, ndimuuzenso za mwanayo."

Anamwino anatsimikiza pafoni kuti Mandla anakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka 18. Shawa anamumasula.

Amakanika ena anayi anali ndi mboni. A Miti anati atatuluka Misa anapita kumunda kukazula mapesi, okha.

Lachiwiri nthawi ya 08:00 Shawa anabwerera ku fakitale, makadi osainidwa ali m'manja. Khadi la A Miti linkati mabering'i awo 28 ali pansi, ndipo 12 ali pamwamba pa lamba. Anavula jekete n'kukwera makwerero. Anawerenga masitepe 36.

Pamwamba, bering'i iliyonse inali ndi kabowo kothirira girizi. Pa timabowo khumi ndi kamodzi mavu anali atamangapo timanyumba tawo ta dothi, touma gwa, tokutidwa ndi fumbi la thonje. Pa kachikhumi ndi chiwiri kanyumbako kanali katabenthulidwa chaposachedwa. Shawa anatulutsa kachibuma kaja n'kukayesa pamenepo. Kanakwana.

Atatsika anaitanitsa A Miti. Anabwera mdala wa imvi, ovolosi yochapa bwino, kolona ikuonekera pakhosi.

"Atate, ine za makina sindizidziwa," anatero Shawa. "Tiyeni tikwere, mukandionetse mmene mumathirira girizi pamwambapo."

"Lero?"

"Pompano."

A Miti anagwira chitsulo. Anakwera sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Pa yachisanu anaima. Anatsinzina maso, n'kutsamiza chipumi pa makwerero. Anakhala choncho mphindi yathunthu. Shawa anawagwira m'chiuno n'kuwatsitsa.

Anakakhala mu ofesi ya Mayi Soko, chitseko chotseka. Shawa anawachenjeza monga mwa lamulo, kenako anaika kachibuma kaja patebulo.

"Aka tinakapeza m'thumba la Lovemore. Munakwera liti komaliza?"

A Miti anayang'ana kachibumako. Poyankha sanadzutse mutu.

"Chaka chatha. Ndikangokwera pang'ono mutu umazungulira. Sindinauze munthu, ngakhale amayi a kunyumba."

"Ndiye chaka chatha girizi ankathira ndani?"

"Anyamata. Kale tinkagwira ngati banja. Wina ankangotenga pampu n'kukwera, osandifunsa, ine n'kumukonzera mota yake pansi. Palibe ankatchula. Litabwera bolodi, aliyense anayamba kuthamangira nambala yake. Kuti ndipemphe, ndiye kuti ndiulule. Sabata yoyamba ndinasaina ndikuti mawa ndikwera. Mawa lakelo silinafike."

Mayi Soko anagwira pakamwa. "Bwanji simunandiuze, atate? Tikanakusinthirani ntchito."

"Munafunsapo, amayi? Munkaona 40 pa 40 n'kuwomba m'manja."

Mayi Soko anazyolika. "N'zoona. Tinkawerenga siginecha, osati mabering'i. Sindinatumepo munthu kukaona."

"Lamlungu chinachitika n'chiyani?" anafunsa Shawa.

"Lovemore anandipeza pa khomo la tchalitchi. Anati lamba akulira molakwika pamwamba, tikaone limodzi makina ali phee. Tinafika 14 itangodutsa. Iye anakwera, ine ndinati bondo likuwawa. Atatsika anavula chipewa, n'kundionetsa dothi limenelo."

"Anakunyozani?"

"Ayi." A Miti anapukusa mutu. "Akanandinyoza bwenzi zili bwino. Anati, 'Atate, cholakwa ndi changa, ndinakupatsani ntchito ya pamwamba osaganiza za msinkhu wanu. Tisintha. Matageti akhala a gulu lonse, ndipo wina aziona ntchito ya mnzake asanasaine.' Ndinati zikomo, mwana wanga, zithere pompano. Iye anati ayi. Anati Mandla wakhala akusekedwa chifukwa cholemba zoona, ndiye Lachisanu ndiyenera kuimirira ndekha, ndiuze anyamata kuti manambala anga anali abodza."

"Munakana."

"Ndinagwada, bwana. Ine, kugwadira mwana amene ndinamuimira pa ubatizo. Ndinati ndichotseni ntchito mwakachetechete, munene kuti ndadwala. Satifiketi ili pakhoma kunyumba, adzukulu amaionetsa alendo. Ku tchalitchi ndine wosunga makiyi. Iye anandidzutsa n'kunena kuti, 'Inu nomwe munandiphunzitsa kuti makanika sanamiza makina.' Anatembenuka kuti atenge chikwama chake. Sipanala yaikulu inali m'manja mwanga."

"Kangati?"

"Kamodzi."

"Kenako?"

"Ndinamuitana dzina. Sanayankhe. Ndinamukokera pansi pa makwerero kuti zioneke ngati wagwa. Sipanala ndinaiponya m'thanki ya madzi kuseri. Dzulo ndinapita kukapepesa maliro kwa amayi ake. Anandipatsa mpando wa kutsogolo, n'kundipempha kuti ndidzayankhule kumanda."

Shawa analemba zonse, anawawerengera, ndipo A Miti anasaina. Nthawi ya 10:20 apolisi anavuula sipanala ija m'thanki.

"Fulansisi Miti, ndakumangani pa mlandu wopha Lovemore Daka."

Mdalayo anapereka manja yekha.

Njira yopita ku galimoto inadutsa pakati pa fakitale. Amakanika anali atasonkhana pafupi ndi switchi yaikulu, kukonzekera kuyatsa makina, chifukwa malole a thonje anali atayamba kale kufola pageti. Ataona unyolo, onse anangoti kakasi. Mandla anavula chipewa.

A Miti anaima. Shawa anafuna kuwakoka, koma anawasiya.

"Musayatse lambayo," anatero mdalayo. Mawu anatuluka otsika, ndipo anabwereza mokweza. "Musayatse. Mabering'i a pamwamba sanalawe girizi chiyambire Meyi. Ndinkasaina bodza. Yambani mwathira onse khumi ndi awiri, ndipo yachisanu ndi chiwiri muisinthe, yatha kale, ndimaimva kulira kwake."

Mandla anawayang'ana kanthawi, kenako anatenga pampu ya girizi n'kulunjika ku makwerero. Shawa anatsegula chitseko cha galimoto, A Miti analowa atawerama.