Galu wa pa Kabokosi ka Assunta

"Tsiku la ukwati wake ndidzampatsa ndi manja anga, kathunthu monga kalilimu." Fulvio Marchegiani analonjeza motero kwa mkazi wake Assunta m'chipatala, kutatsala masiku awiri kuti mayiyo atsikire kuli chete. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ersilia, anali pomwepo, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Kanali kabokosi ka fodya wamphuno, kagolide, kokwana m'chikhatho. Pachivindikiro panali galu woyera atagona paudzu, woyalidwa ndi timagalasi tochepa ngati mchenga. Anakapanga ndi kholo la Assunta, ndipo ntchitoyo inamudya zaka zitatu pamodzi ndi maso ake. Chipinda chimene ankagwiriramo chikadalipo mu Roma muno, koma lero amagulitsiramo ayisikilimu kwa alendo ovala makabudula.

Fulvio atakwatira Doriana, nyumba inachepa. Ersilia anapita ku Buenos Aires ndipo anakhalako zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anabwerako ndi imvi zoyamba komanso mwamuna, kudzamangitsa ukwati m'tchalitchi chimene anamangitsira amayi ake.

Lamlungu masana anapita kukadya kwa bambo ake. Doriana anatuluka m'khitchini ndi mbale ya nyama yankhosa, atavala jekete yakuda. Pachifuwa pa jeketeyo panagona galu woyera uja, atamangiriridwa ndi pini.

Ersilia anaika foloko pansi.

"Bambo, kabokosi ka amayi kali kuti?"

Fulvio anadzuka movutikira, akukoka mwendo, nakatenga m'dirowa. Pakati pa chivindikiro panali dzenje.

"Golide yense alipo, mwana wanga. Sanachotseko ngakhale pang'ono."

"Golide ali m'kamwa mwa nkhalamba iliyonse ya mumsewu uno. Ndikufunsa za galu."

"Usawakalipire bambo ako pa chakudya," anatero Doriana. "Ndani amafwenkha fodya m'nyumba muno? Kanthuko kanagona m'dirowa zaka ndi zaka. Pano anthu amakaona."

"Vulani, a Doriana."

"Ndivule? Sitiroko itawagwetsa m'bafa awa, anawanyamula ndani? Anawasambitsa miyezi isanu ndi itatu ndani? Iwe unkatumiza makadi a Khirisimasi, ena mu Febuluwale. M'nyumba ya mkazi mnzanga ndagona pa mabulangete ake, ndaphikira m'mapoto ake. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha chakuti ndizinena kuti n'changa."

"Si chanu. Ndikapita nacho kwa mmisiri akabwezeretse."

"Sichingabwererenso," Fulvio anayankha motsitsa mawu, maso ali patebulo. "Chinali cha ngodya zinayi. Anachipala m'mbali kuti chikwane pa pini."

Ersilia anayang'anitsitsa. Udzu wam'mbali unalibepo. Nsonga ya mchira, imene ali mwana ankaisisita ndi chala amayi ake akamlola, inalibeponso. Misozi inayamba kugwera m'mbale.

"Anakuberani muli chigonere, eti bambo? Nenani kuti anakuberani."

Fulvio anapukusa mutu.

"Ndinapita nako ndekha kwa mmisiriyo. Unali utakwanitsa zaka makumi anayi, Ersilia. Ndinaona ngati za ukwati zinakupita."

Doriana anayamba kugawa nyama ngati sanamve. Ersilia anaimirira, mpando nkugwa chagada.

"Amayi sananene zaka."

"Khala pansi, mwana wanga, chonde. Ndine wokalamba. Ndinkafuna mtendere m'nyumba."

"Mwaupeza."

Anamenyetsa chitseko mpaka chithunzi cha Assunta chapakhoma chinapendekeka. Fulvio analira mokweza. Doriana anawongola chithunzicho, nabwerera kukadya.

Ukwati unachitika Loweruka. Doriana anakhala pa benchi yachiwiri, galu woyera ali pachifuwa. Pakhomo la tchalitchi Fulvio anatulutsa kampango m'thumba, nakamasula, ndipo ndi manja ake anampatsa Ersilia kabokosi kopanda galu.