Dzanja Lodzutsa Mabatire

Wimalasiri anali makaniko ku Kurunegala, koma makaniko wa dzina lokha. Pagalaja pake pankagona agalu. Ankadziwa injini zautsi zakale, pamene tauni yonse inali itagula timagalimoto tating'ono toyendera petulo ndi batire, tija timanyamuka mwakachetechete ngati mphaka. Timeneti tili ndi matenda ake: pampu ya mabuleki imayamba kulira, fani imatsekeka ndi fumbi, ndipo batire yaikulu ya pansi pa mpando imatopa. Yatsopano inkafika marupi zikwi mazana anayi. Ntchito yonseyi ankaidya Dhanapala wa tsidya la msewu, amene anachita kukaiphunzira.

Wimalasiri kuphunzira ayi. Ankangokhala pa tayala, kumwa kachasu wa kokonati, maso ali tsidya.

"Bambo ake Sanduni, mpunga watha," anatero mkazi wake Kusumalatha. "Kapempheni ntchito kwa Dhanapala."

"Ine? Kukapukuta masipanala a kamwana kadzulo? Uja ndi zizimba, si sukulu ayi!"

Waulesi amakhulupirira kuti aliyense wolemera anakhwima. Choncho anakwera basi kupita kwa Heenbanda, sing'anga woopedwa wa kumapiri. Anamupeza akucheka mandimu pakhonde.

"Yakubweretsani ndi njala kapena nsanje?" anafunsa mkuluyo osadzutsa mutu.

"Zonse, bambo."

"Nsanje ndiye imalipira bwino." Anamudzoza mafuta onunkha m'dzanja lamanja, n'kumumanga ulusi wakuda pamkono. "Batire yakufa mukaigwira, idzuka. Koma mphamvuyo siigwa kumwamba. Izichoka mwa zamoyo za pakhomo panu."

"Ndili ndi nkhuku ndi galu."

"Chimayambira pomwepo."

"Nanga chimathera pati?"

"Mwafunsa ngati munthu wofuna kubwerera. Njira ndi iyo."

Wimalasiri sanabwerere. Anangofunsa mtengo.

"Ine sindilandira kanthu," anaseka Heenbanda. "Wolandira akukudziwa kale kwanu."

Woyamba kubwera anali mphunzitsi wina amene mtengo wa Dhanapala unamuthawitsa. Wimalasiri anazula mpando, n'kuika dzanja pa batire. Nyali zofiira zochenjeza zonse zinazima, galimoto inadzuka. Anamulipiritsa theka la mtengo wa Dhanapala, osagula ngakhale kawaya. Tsiku lomwelo nkhuku zinapezeka zitauma m'khola.

Mbiri inawanda. Magalimoto anayamba kundanda mpaka kumsika, a ku mzinda waukulu wa Colombo omwe. Za mabuleki sankazidziwabe. Pampu ankangoipukuta ndi sanza, n'kulipiritsa. Anavala tcheni chagolide, anayamba kumanga nyumba yosanja, ndipo akamadutsa pa Dhanapala ankangomulonjera ndi hutala ya galimoto. Galu anafa. Migwalangwa ndi mitengo ya kokonati inauma kuyambira kunsonga. Kenako mayi ake omubereka, amene ankakhala nawo pakhomopo, anakhala pansi akupala kokonati, osadzukanso. Pamaliro Wimalasiri analira kuposa aliyense, anadyetsa amonke, ansembe a kukachisi, chakudya chosaoneka ndi kale, m'mawa mwake n'kutsegula galaja.

Kusumalatha anawonda ngati bango. Sanduni, mwana wawo mmodzi yekhayo, anayamba kugwa kusukulu. Madokotala anayeza magazi, osapeza kanthu. Masana ena mayiyo ali pazenera anaona mwamuna wake akugwira batire, ndipo nthawi yomweyo mwana anagwetsa mbale n'kukomoka. Anathamangira kugalaja.

"Ulusi uwo ndi wachiyani? Amayi anu munawagulitsa, tsopano mwayamba mwana?"

"Usakuwe, makasitomala akumva."

"Dulani!"

"Ndingomaliza chipinda chapamwamba. Mwanayu ndi wolimba, akhoza kupirira pang'ono."

Anayankhula zimenezi bambo wobereka, nkhope ili gwa. Kusumalatha anamulavulira kumapazi, anabereka mwana, n'kukwera basi ya kwa mchimwene wake ku Matale. Kumeneko Sanduni anachira.

Wimalasiri anayesa lumo, ulusi osaduka. Anabwerera kwa Heenbanda thukuta lili kamukamu.

"Bambo, chotsani. Ndilipira chilichonse."

"Pakhomo patsala ndani?"

"Ndekha."

"Ndiye mwavutikiranji kubwera? Musagwirenso batire, mukhala moyo. Ngati mungathe."

Wimalasiri anatseka chipata cha galaja sabata yathunthu. Kenako kunafika wamalonda wina akukoketsa galimoto ya mwana wake, yoti inyamule akwati mawa lake.

"Bwana Wimalasiri, ndikupatsani kawiri. Katatu!"

Wimalasiri anayang'ana ndalamazo. Anaganiza kuti mwina m'denga mwatsala makoswe ndi abuluzi okwanira batire imodzi. Anatsegula chipata, n'kuika dzanja pa batire. Galimoto inadzuka, iye n'kugwa chafufumimba, miyendo itazizira, pakamwa patapotoka.

Mwezi usanathe mabatire onse amene anadzutsa anafanso, ena pakati pa msewu. Eni ake anabwera ndi ukali, anazula zitseko, anatenga zida ndi tcheni chomwe. Anamusiya pamphasa m'nyumba yosatha, dzanja lamanja likunjenjemera lokha. Anansi ankamukankhira mpunga ndi ndodo, poopa kumukhudza. Atafa, bokosi analinyamula ndi aganyu olipidwa.

Chuma chofulumira chili ndi mwini wake, ndipo akabwera kudzatolera salandira ndalama. Wadyera amayamba wapereka nkhuku, amvekere n'zazing'ono, mpaka pakhomo patatsala iye yekha.