Ndidikire Sitaundi Imodzi

Fainala, mwana wa tenanti wa pa esiteti ya fodya ku Kaomba, anakumana ndi Cornelius pa depoti ya Kasungu akudikira kuti minibasi idzaze. Cornelius anali mphunzitsi wokhala ndi matenda aja otulutsa Chizungu ngakhale palibe wamufunsa.

Fainala atadandaula kuti achedwa, mnyamatayo anati anyamuka pakangopita "stound". Anafotokoza kuti ndi mawu a Angelezi akalekale otanthauza kamphindi, moti ngakhale eni akewo anawaiwala. Iye anawatola m'dikishonale yothothoka chikuto. Fainala anayesa kutchula, pakamwa panatuluka "sitaundi", onse n'kuseka. Minibasi inanyamuka patatha maola awiri, manambala atapatsana kale.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula ya Januwale. "Duwa langa, sitaundi imodzi popanda iwe ndi chaka chathunthu." Fainala ankawerenga ali m'chigafa, zala zikunata ndi fodya. Mawuwo anawakonda mpaka kumauza amayi ake kuti madzi akatunga pakapita sitaundi. Anzake anamupatsa dzina loti Nasitaundi, iye osadandaula. Ndi tenanti uti wina amene ankayankhula Chizungu choti ngakhale abwana a esiteti sachidziwa?

Fodya atagulitsidwa, inafika nthawi yoti lole ibweze matenanti kwawo ku Phalombe. Lole ya esiteti sidikira munthu. Fainala anafunsa Cornelius za ankhoswe, yankho linabwera msangamsanga: "Usakwere, mtima wanga. Amalume akubwera kudzaonekera. Ndidikire sitaundi imodzi yokha."

Bambo a Fainala anakana. Anati mwamuna wofunadi mbeta amafika pakhomo ndi miyendo, osati pa foni.

"Ukatsala, watsala wekha. Usadzandiimbire," anatero ali pamwamba pa katundu.

Fainala anatsitsa chikwama chake, amayi ake akulira. Anakapempha pogona kwa mayi Rute, ogulitsa mandasi pamsewu.

Lamlungu lotsatira anavala diresi lake labwino n'kupita ku Njombwa, kutchalitchi cha Cornelius, kuti akamudzidzimutse. Fainala anali Mkatolika, ndipo kumeneko anali asanapondeko. Anakhala kumbuyo, ali ndi chimwemwe chodzaza tsaya.

Nthawi ya zolengeza, mkulu wa mpingo anaimirira ndi pepala. Anati akulengeza kachitatu komanso komaliza ukwati wa Cornelius ndi Sellah, namwino wa ku boma, ndipo wodziwa chifukwa choletsa anene.

Kachitatu! Ndiye kuti tsiku limene ankamuletsa kukwera lole lija, ukwatiwo unali utalengezedwa kale kawiri. Fainala anafuna kuimirira koma anadziletsa. Mlendo, mwana wa tenanti, akanamumvera ndani?

Atatuluka anapeza Cornelius ndi Sellah pansi pa mtengo wa mango, anthu akuwagwira chanza. Cornelius atamuona sanaphethire n'komwe.

"Sellah, uyu ndi mwana wa matenanti a ku Kaomba. Ndinkamuthandizako Chingelezi."

Sellah anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumwetulira mokoma mtima ndithu.

"Matenanti anzanu sanapite? Chabwino, mwatsala bwino. Loweruka mudzabwere m'mamawa, tikusowa otsuka mbale."